Chigubu cha Dipi

Mundikhululukire polimba mtima kulemba. Sukulu yanga inali ya kumudzi, ndipo kulankhula pagulu sindikutha, koma nkhaniyi yandikhala pamtima nthawi yaitali.

Ndinkagwira ntchito pafakitale ina yaing'ono yopanga polishi wa pansi, guluu wa nsapato, mankhwala oyeretsa zovala ndi dipi wophera nkhupakupa za ng'ombe. Zaka zimenezo zinthu zinkasowa mu Lusaka. Makina a polishi anaima, a guluu anatsatira, mpaka tinatsala ndi dipi yekha.

Kwathu chotengera sichitayidwa. Nditaona chigubu cha dipi chopanda kanthu kuseri kwa fakitale, ndinachitsuka ndi mchenga n'kukapatsa amayi eni nyumba imene ndinkakhala ku komboni ya Kanyama. Iwo ankaphika munkoyo wogulitsa, chakumwa chonga thobwa. Anandithokoza mpaka ndinasowa poyang'ana.

Patapita masiku awiri, akapitawo anandipatsa msomali ndi hamala.

"Boola vigubu vonse va dipi, mufana."

"Koma n'zabwinobwinotu, bambo."

"Iwe wa kumunzi! Poizoni siichoka mu pulasitiki, olo usuke chaka chonse. Ufuna kupaya banthu?"

Ndinaboola zigubu zitatu, chachinayi msomali unandigwa. Kupempha chilolezo ndinaopa. Ndinangotuluka pageti n'kuyamba kuthamanga.

Ndinapeza amayi aja atakhala pakhonde. Chigubu chinali pambali pawo, chodzaza munkoyo, makapu ali m'beseni. Ndinagwada kaye n'kuwapatsa moni, monga ndinaleredwera.

"Wabwela mwamsanga. Bakupisha nchito?"

"Ayi, amayi, sanandichotse ntchito. Kodi munkoyowu wina wamwako?"

"Ukalibe kupya. Ni wa mailo ku maliketi. Ufuna kulawa?"

"Chigubucho si chabwino, amayi. Chili ndi mankhwala."

Anaseka. "Ninasuka na sopo na mulota. Iwe ungapunzise ine kusuka?"

Ndinadziwa kuti sopo ndi phulusa sizichotsa mankhwalawo. Koma munthu wamkulu sindinamutsutsepo chibadwire. Ndinaimirira, ndinagwira chigubucho n'kuchigwetsa. Munkoyo wokagulitsa mawa lake uja unayenderera pabwalo mpaka m'ngalande, ine ndikuutsatira ndi tsache kuti nkhuku zisamwe.

Amayi aja anakuwa. Anthu oyandikana nafe anatuluka. Ufa wa munkoyowo amayiwo anali atauimira pamzere kuyambira m'bandakucha, ndipo anauza aliyense kuti ndachita misala. Chigubucho ndinachiboola iwo akuona.

Palibe amene anamwa. Koma amayi aja sanandilankhulenso, kupatula kundiuza kuti chipinda akuchifuna. Ndinanyamula mphasa yanga kupita ku komboni ya Chawama pa tsiku lomaliza la Novembala.