Kuvina Pamaso pa Mkamwini

Ndinaganiza zopita ku Joni mu 1995, tsiku lomwe kapitawo anandibweza pantchito kumunda wa tiyi chifukwa chofika mochedwa, miyendo ili lendelende ndi dansi ya dzulo lake. Ndinauza mkazi wanga Feliya kuti ndikakhalako zaka ziwiri zokha. Iye anangoti, "Inu zanu timazidziwa," n'kupitiriza kusambitsa Esinati, mwana wathu wa zaka zisanu ndi chimodzi.

Masiku amenewo pa bala ya kufupi ndi fakitale, katswiri ndinali ine. Tsiku la malipiro anthu ankasiya mabotolo n'kupanga bwalo kuti andione ndikudula kwasakwasa. Ku Joni zonsezo zinatha. Ndinkasesa masamba panyumba ya mzungu, n'kumagona m'kachipinda koyandikana ndi agalu. Chaka choyamba ndinkatumiza ndalama ndi makalata kudzera kwa oyendetsa mathiraki, kenako makalata okha, kenako zii. Kumalo ovinira ndinkapita ndithu, koma ndinkangoima kukhoma kuopa apolisi, poti ndinalibe mapepala. Kusungulumwa kukandigwira ndinkadzilimbitsa mtima kuti kwathu anthu akundidikira.

Kalata yomaliza imene ndinalandira inati Feliya wamwalira. Kumaliro sindinabwere. Manyazi amenewo ndikadali nawo.

Ndinabwerera mu 2008 ndi chikwama chimodzi. Kwa Nchilamwela, kumudzi kwa malemu mkazi wanga, ndinaopa kufikako kukuwala, ndiye ndinayamba ndalowa m'bala muja. Nyimbo zinali zachilendo, nkhope zonse za ana. Wina anandikokera mpando: "Khalani apa, madala." Madala ine? Ndinavula jekete n'kulowa pakati. Mawondo ankalira, koma ndinavina, ndipo anthu anayamba kupatuka. Mtima unati myaa, ndikuti andikumbukira.

Sikunali kundikumbukira ayi. Mayi wogulitsa mowa, yekhayo amene anandizindikira, anali atanong'oneza mnyamata wina, ndipo anzake a mnyamatayo ankatuluka mmodzimmodzi. Mnyamatayo anabisa botolo kumbuyo, nadzanjuta patsogolo panga, maso ali pansi.

"Bambo, ndine mwamuna wa Esinati. Pepani, sitingakhale muno tonse. Anthu atiseka."

Kwathu kuno mkamwini savina pomwe pali apongozi ake. Ndinatola jekete ndipo tinatuluka, anzake aja n'kuyamba kubwerera mkati.

"Tiyeni kunyumba, ndikaone mwana wanga," ndinatero.

Anakanda m'mutu. "Nyumba munasiya ija tikukhalamo ndife. Koma Esinati amauza anthu kuti bambo ake anafera ku Joni. Amalume akenso safuna kumva dzina lanu. Mwina muyambe mwafikira kwanu."

Kwathu ku Khwethemule makolo anatha kale, munda abale anagawana. Ndinamufunsa kuti nanga lero ndigona kuti. Anapisa m'thumba, nandipatsa ya resitihausi ndi manja awiri, mwaulemu wonse, kenaka anabwerera kukavina.