Tsiku Limene Ngolo Inakankha Karinya

“Mwanawe, mwamuna akamamenya chitsulo ndi chikhatho n'kumati n'cholimba, iwe dzuka uchoke.” Anandichenjeza motero azakhali anga a Nabanda, ine ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, titangobwerako ku Malawi komwe tinathawira nkhondo.

Chaka chimenecho kachewere anabereka kwathu ku Tsangano, kutsidya kuno kwa malire, koyamba chibwerereni. Bambo anapeza dalaivala wina, kwathu timati motorista, mwini kagalimoto kakang'ono konyamula katundu, aja timati karinya. Kumbuyo anamangirirako ngolo yaitali yachitsulo, yomwe kale inkakokedwa ndi thirakitala. Kwathu katundu sayezedwa kulemera, amayezedwa ndi maso: malo akadalipo, ponyani thumba lina. Amuna anasanja matumba mpaka kupitirira mutu wa munthu. Kumbuyo kwa karinya kunakhala pansi, kutsogolo kunapenya kumwamba ngati galu wopempha.

Pamwamba pa matumba pankakhala mwana wolondera akuba, ndipo bambo anasankha ine. Ndinakwera mtima uli mbee, poti ndinali ndisanakwerepo galimoto yopita kumsika.

Azakhali anazungulira ngolo ija mwakachetechete, nkhope ili gwa, kenako anatembenukira kwa motorista.

“Achimwene, kagalimoto aka ndi ngoloyi, wamkulu ndani?”

Motorista anaseka, namenya chitsulo. “Tiya, azakhali, musaone kuchepa! Aka kamakoka ngakhale nyumba.”

“Kukoka ndamva. Nanga kuimitsa?”

“Inu munayendetsapo chiyani, kupatula mtondo?”

Amuna anaseka, bambonso. Azakhali anangondigwira mwendo n'kunditsitsa ngati thumba, chitenje changa n'kung'ambika. Ndinalira, ndinawada.

Pachitunda karinya kanabuula, utsi uli tolo, anthu akukankha. Kenako kanayamba kutsetsereka kulowera kumtsinje, ife tikuonera pamwamba. Ndinamva fungo la mphira wopserera. Ngolo ija inayamba kugwedeza mchira, uku, uku, kenako inakankha karinya cham'mbali n'kugudubuka. Matumba onse anakaunjikana m'madzi, aja apamwamba ali pansi penipeni. Motorista anatuluka wamoyo, akukuwa kuti mayi uja wamulodza. Bambo anayang'ana mulu uja, nayang'ana ine.

Lero ndine gogo, ndipo adzukulu anga amati ndine wovuta. Shapa, minibasi ya kuno kwathu, ikabwera ndi kangolo kumbuyo, sindikwera msanga. Ndimazungulira, ndimaona ngati matayala aphwa, ndimafunsa zimene zili m'matumba. Akati ndi makala, ndimagwira ndekha, poti ena amabisa simenti pansi. Galimoto iliyonse ili ndi malire a zimene ingakoke, koma mwini wake sadzakuuzani, ngakhale akhale wa mpingo wanu. Ngolo ilibe chifundo pamtsetse. Ikalemera kuposa choikoka, ndiyo imayendetsa.

Miyendo yayamba kundikana tsopano, ndipo masiku ambiri ndimakhala ndekha. Mukamadutsa kuno mudzandizonde. Koma mudzaime pampanda, munene kuti ndinu mwana wa yani, ndiyambe ndakuonani bwino.