Mng'ono wa Marisol

Renata Kubicek anabadwa ndi pakamwa, ndipo atakwanitsa zaka ziwiri Mulungu anamupatsa munthu woti iye azimulankhulira. Ameneyo anali mng'ono wake Josie. Pa famu ya chimanga ya bambo awo ku Nebraska, mlendo akafunsa Josie zaka zake, yankho linkachokera kwa Renata, pamodzi ndi zimene mwanayo amakonda kudya ndi zimene amaopa. Sikuti inali nkhanza ayi. Renata ankamukonda mng'ono wakeyo koopsa, kungoti chikondi chake chinali cholongolola.

Atapita ku koleji analowa m'bungwe la atsikana, lija la nyumba ya njerwa zofiira yokhala ndi zilembo zitatu zachigiriki pamwamba pa khomo. Atsikana a m'nyumbamo amatchulana abale, amadyera limodzi, amabwerekana madiresi osabweza. Sanachedwe kumupezera Renata ntchito yomuyenera. Chaka chilichonse, masamba a mitengo akayamba kufiira, nyumbayo imasonkhetsa ndalama zothandizira chipatala cha ana ovutika kumva. Amatulutsa katungwe wa thabwa, uja woti wina akatsika mnzake amakwera, n'kumuika pakapinga pafupi ndi msewu, atsikana n'kumasinthana awiriawiri mpaka dzuwa kupendeka. Komatu munthu sangapereke dola yake chifukwa chongoona anthu akuluakulu akusewera pathabwa. Chimene chimatsegula zikwama ndi chimkuzamawu. Woponya ndalama m'ndowa amaloza mmodzi mwa okwerawo, ndipo wogwira chimkuzamawu amaulula kankhani kochititsa manyazi ka munthuyo. Renata anachigwira ali m'chaka choyamba, ndipo palibe anayerekeza kumulanda.

Renata ali m'chaka chachitatu, Josie anabwera ku koleji yomweyo n'kulandiridwa m'nyumba yomweyo. Renata sanagwirike ndi chimwemwe. Mwambo wa m'nyumbamo ndi woti watsopano aliyense amapatsidwa mkulu wake pakati pa akale, womusonyeza njira, womudikira akachedwa, wokwera naye pakatungwe. Renata anali atagula kale mphatso. Anaiwala chinthu chimodzi: lamulo loti wobadwa naye bere limodzi sangakhale mkulu wako wa m'nyumba, popeza ameneyo uli naye kale. Lamulolo analiikira kumbuyo ndi Renata yemweyo chaka chapitacho, ndi mawu ambiri okoma, nthawi imene linkakhudza anthu ena.

Josie anapatsidwa kwa Marisol Quintero, mtsikana wofatsa wophunzira zaunamwino, woti mukhoza kudya naye tebulo limodzi mwezi wathunthu osadziwa mawu ake. Renata anamupeza Marisol akuchapa n'kuyamba kumulangiza: Josie sadya bowa, akakhumudwa amati ali ndi tulo, mabingu akayamba muzimuyatsira wailesi. Marisol anathokoza mwaulemu, kenako anati angakonde kuzimva zimenezo kwa mwiniwake. Renata anabwerera kuchipinda kwake ali ndi nsanje yeniyeni, yosabisika. Ankaona awiriwo akupita kogula khofi, akuseka zinthu zimene iye sanazimve, ndipo zinkamupweteka.

Ankadzitonthoza ndi tsiku la katungwe. Tsiku limenelo msewu wonse udzadziwa kuti Josie ndi wa ndani, chifukwa Renata anali ndi nkhani imene wina aliyense analibe. Josie ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi analowa m'tchalitchi pa Khirisimasi atabisa kamwana ka nkhumba m'jasi, poopa kuti kafa ndi chisanu. Kankhumbako kanalira pakati pa pemphero la wansembe, kenako kanamunyowetsa diresi yonse. Kuchokera pamenepo, kwawo konse, mpaka kusitolo ndi kusukulu, dzina lake linali Kankhumba. Nkhani yotere ikanadzaza ndowa yokha.

M'mawa wa tsikulo bambo awo anafika pa galimoto yawo ya kumunda atanyamula makatoni a kolache, timabanzi ta jamu timene mayi awo anaphika kuti tigulitsidwe. Renata ndi Josie anali kukhitchini akutiyala m'mbale.

"Asisi, mukudziwa chimene chachitika dzulo?" anatero Josie. "Galimoto ya Marisol inakana kulira. Ndiye anabwera kudzandifunsa ine."

"Iwe? Bwanji osandiitana?"

"Si ndimadziwa? Adadi anatiphunzitsa tonse, kungoti inu munkalankhula." Anaseka pang'ono, akunyambita jamu pachala. "Ndinaikonza. Ndiye akuuza aliyense kuti Josie saopa kanthu. Ineyo, asisi. Kuno anthu amandifunsa zinthu n'kudikira kuti ndiyankhe."

Ananyamula mbale n'kutuluka. Sanapemphe kanthu, mwina sankadziwa n'komwe kuti wanena chinthu chachikulu. Renata anatsala ataima ndi katoni m'manja.

Kunja kunacha bwino. Kamphepo kanali kozizira, makolo anadzaza pakapinga, anyamata a nyumba zoyandikana anabwera ndi phokoso lawo. Renata anagwira ntchito yake monga mwa masiku onse. Anaulula za mtsikana wina amene anakalemba mayeso a kalasi yosakhala yake, n'kukhoza. Anaulula za wina amene anaphika nkhukundembo osachotsa pulasitiki. Anthu ankaseka mpaka kugwira m'mimba, ndowa n'kumalemera. Ana angapo a kuchipatala kuja, timakina tawo tili m'makutu, ankathamangitsana mozungulira tebulo la kolache.

Dzuwa lili paliwombo, Josie ndi Marisol anakwera pathabwa. Atsikana a m'nyumbamo anayamba kukuwa, chifukwa onse ankadziwa kuti apa ndiye pali nyama. Mnyamata wina anaponya ndalama n'kuloza Josie. Bambo Kubicek, osafuna kutsalira, anaponya zawo naonso.

"Nena ija ya m'tchalitchi, iwe Renata," anatero, akuseka kale nkhani isanayambe.

Renata anakweza chimkuzamawu. Nkhaniyo inali pamilomo, yokonzedwa bwino, ankadziwa poimira kuti anthu aseke ndi potsitsira mawu. Josie anali m'mwamba, miyendo ikulendewera, tsitsi lili balala ndi mphepo. Anamva mawu a bambo ake, ndipo nkhope yake inasintha. Sanakwiye. Anangotsitsa mapewa n'kuyang'ana pansi, kudikira, monga ankachitira kwawo mlendo akafunsa funso.

"Adadi, ndalama zanu talandira, koma pakamwa mutseke ndi kolache," anatero Renata. Anthu anaseka. Kenako Renata anapitiriza. "Amene mukumuona m'mwambayo ndi Josie, mng'ono wa Marisol. Wangofika kumene, nkhani zake sitinazidziwe. Chimene ndamva n'chakuti galimoto yanu ikafa, muzifunsa iyeyo."

Panali kudandaula. Mnyamata uja anati amubwezere dola yake, ndipo Renata anamuuza kuti akaitenge kwa ana aja ngati alibe manyazi. Bambo Kubicek anamuyang'ana mwana wawo wamkulu kwa kanthawi, kenako anatengadi kolache n'kuluma.

Josie sanathokoze, sanacheuke n'komwe. Anaponda pansi mwamphamvu, thabwa linamukwezanso, ndipo anafuulira Marisol mawu ena amene Renata sanawamve, awiriwo n'kuseka. Zinamulasa Renata pamtima, osati pang'ono. Komabe anapeza kuti akumwetulira, chifukwa kuseka kotero, kwa pakamwa ponse, anali asanakumvepo kwa mng'ono wake pagulu. Anapukuta chimkuzamawu ndi mkono wa juzi n'kuitana awiri otsatira.