Mazira a apongozi

Apongozi anga anandipatsa mazira a nkhuku zawo kuti ndiphike keke ya chokoleti ya ubatizo wa mdzukulu wawo. Pobwerera ku Ntengo-Wambalame, njinga yamoto imene ndinakwera inagwera m'dzenje, ine n'kukhalira thumba la mazira. Onse phwa!

Sindinauze munthu. Ndinangoti keke iphikidwa basi, zivute zitani. Ndinakanya nthochi zakupsa mu ufa, n'kuthira mafuta, soda ndi vinagre, viniga wowawasa uja, pang'ono. Yoyamba inauma ngati njerwa, ndinaponyera nkhumba. Yachiwiri inafufuma bwino.

Pa festa, phwando la ubatizolo, apongozi atangoluma anaitana anzawo a m'kwaya. "Talawani! Mazira a nkhuku zachikuda amenewa, osati ogula aja. Si choncho, make Rosa?"

"Ndi choncho, amayi," ndinatero, maso ali pansi.

Chiyambire tsiku limenelo amanditumizira mazira pa mwambo uliwonse. Nditayesa kuwaikadi mu keke, anadandaula kuti sikukoma ngati kale. Ndiye timangokazinga ine ndi amuna anga, chitseko chili chotseka.

Loweruka akubwera kuti ndiwaphunzitse kaphikidwe kake. Ndatsimikiza mtima, ndiwauza zoona. Koma ayambe akhuta kaye.