Mwana wa a Nthanda Sajomba Maliro

Kwa Kaomba kuli munthu mmodzi amene maliro amamukhala bwino, ndipo dzina lake ndi a Aloysius Nthanda. Fodya amalima ngati wina aliyense, ngakhale kunena zoona si fodya woti munthu n'kudzitama naye. Ku okushoni mabelo awo amabwezedwa kawirikawiri chifukwa chosakaniza masamba abwino ndi zinyalala. Koma ikangomveka mfuu yoti wina watisiya m'mudzimo, a Nthanda amasanduka munthu wina. Amavala jekete lawo lakuda la mabatani osiyana, n'kukaima pafupi ndi siwa, manja kumbuyo, maso ali mwazumwazu.

Iwo ndi wapampando wa komiti ya maliro. Palibe amene amakumbukira tsiku lomwe anasankhidwa, ndipo amiseche amati anadzisankha okha. Kulira salira, kukumba sakumba, bokosi sanyamula chifukwa cha msana. Ntchito yawo ndi kuona amene wabwera ndi amene wajomba. Mutu womwewo umene umaiwala tsiku lothira feteleza, pa nkhani ya ojomba maliro suphonya ngakhale pang'ono.

Lamulo lawo ndi lodziwika mudzi wonse. Ukamajomba maliro a anzako, tsiku limene zovuta zagwa pakhomo pako adzukulu amabwera ndithu ndi makasu awo, koma amakakhala pamthunzi osakumba manda, mpaka upepese ndi tambala. Ngati kujombako kunali kwachizolowezi, ndiye mbuzi. Zifukwa a Nthanda samva. Ukati fodya amapsa m'munda, amakufunsa ngati fodyayo ndi m'bale wako. Ukati mwana anali m'chipatala, amakufunsa ngati munagonekedwa banja lonse. Esau, bambo wopalasa kabaza ku Kasungu boma amene ankajombajomba maliro, anayamba kukumba yekha manda a amayi ake dzuwa likuswa mtengo, adzukulu akumuonerera, mpaka achibale anathamangathamanga n'kupeza mbuzi. Esau sanaiwale.

Ndiye kunachitika kuti Tithokoze, mwana wamkazi wa a Nthanda ndi mayi Lefina, anasankhidwa kupita ku yunivesite ina yakutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. M'mudzimo anali woyamba. A Nthanda nkhaniyi anailengeza paliponse, ku tchalitchi, ku chigayo, ngakhale kumanda pakati pa zolengeza za chipepeso. Anthu anaombera m'manja mpaka anatopa.

Patapita miyezi ingapo kunagwa maliro a gogo wina wa kumapeto kwa mudzi. A Nthanda ali chiimire pamalo pawo, Esau anawayandikira mwaulemu wonse, chipewa chili m'manja, koma mawu anawakweza kuti adzukulu amve.

"A tcheya, pepani kufunsa. Tithokoze sitikumuona masiku ano. Kapena ana a ku yunivesite lamulo lija siliwakhudza?"

Wina anatsokomola pofuna kubisa phwete. A Nthanda anachita manyazi. Tsiku lomwelo anakwera pachulu pomwe netiweki imagwira bwino n'kuimbira mwana wawo.

"Ababa, kuno kuli lamulo," anatero Tithokoze atamva zomwe amafuna. "Munthu ukajomba m'kalasi kwambiri, sakulola kulemba mayeso."

"Ukundiphunzitsa ine za lamulo? Ine? Aphunzitsi akowo kwawo kulibe manda? Ukufuna Esau azindiseka pagulu?"

Mayi Lefina anayesa kulowererapo. "Abambo ake Titho, musiyeni mwana aphunzire. Maliro tizipita ndife." A Nthanda anawayankha kuti nkhani za komiti sazikambira kukhitchini.

Tithokoze analeredwa mosayankha akuluakulu, choncho anayamba kubwera. Tsoka lake, dzinja la chaka chimenecho linali loipa. Malungo anavuta, okalamba anatsatizana, ndipo masamba sankachedwa kuikidwa pamsewu. Maliro aliwonse ankamudyera pafupifupi sabata: tsiku lobwera, tsiku loika, tsiku losesa, tsiku lobwerera. Nkhuku za mayi Lefina zinathera kulipira basi. Koma a Nthanda mtima unali m'malo. Mwanayo akafika, ankaonetsetsa kuti wasenza ndowa ya madzi n'kudutsa nayo pomwe pakhala Esau. Kenako ankayang'ana uku ndi uku, chifuwa chili patsogolo, kuti aliyense aone kuti mwana wa tcheya, ngakhale ndi wa ku yunivesite, sajomba maliro. Mabuku amene Tithokoze ankabwera nawo m'chikwama ankabwerera osatsegulidwa, akununkha utsi.

Nyengo yosankha fodya itayamba, foni inalira a Nthanda ali m'chigafa. Anali Tithokoze, akulira mosadzigwira. Dzina lake linali pakati pa oletsedwa kulemba mayeso chifukwa chojomba.

Mayi Lefina anakhala pansi, manja kumutu. Koma a Nthanda anangoseka. Nkhani ya ojomba ndi imene anakalambira, ndipo ankadziwa mmene imathera. Akuluakulu amayamba aopseza, amakhala pamthunzi, kenako wolakwa amabwera ndi kanthu m'manja, nkhani n'kutha. Anaganizako za mbuzi, poti kujomba kwake kunali kwachizolowezi, koma anaona kuti makondakitala avuta. Anagwira tambala wamkulu amene anatsala pakhomopo, anamumanga miyendo, anamuika m'jumbo mutu uli kunja, anavala jekete lija, ulendo.

Ku yunivesite anawalozera ofesi ya mayi woona za ophunzira. Anali mayi wamagalasi, wolankhula mofatsa, ndipo anawapatsa mpando. A Nthanda mpandowo anaukana. Ananjuta pansi, anaomba m'manja monga zimakhalira pamwambo, n'kukankhira tambala uja pafupi ndi tebulo. Tithokoze anaima pakhomo, maso ali pansi, akulakalaka nthaka itang'ambika.

"Mayi, ife tabwera kudzagwira mwendo. Mwanayu analakwa, sitikukana. Ine kwathu ndine tcheya, nkhani zoterezi ndimaweruza ndine. Ndiye kachipepeso kathu ndi aka, landirani, mwana alembe mayeso."

Mayi uja anayang'ana tambala, tambala naye anamuyang'ana.

"Bambo, khalani pampando chonde. Kuno sitilandira chindapusa. Mwana wanu anajomba pafupifupi theka la maphunziro ake."

"Koma sankapita kumowa, mayi. Ankabwera kumaliro."

"Omwalirawo anali ndani wake?"

Apa a Nthanda anamasuka, poti anafunsidwa za ntchito yawo. Anafotokoza kuti woyamba anali mlamu wa asuweni awo a agogo ake a mwanayu. Wachiwiri sanali m'bale kwenikweni, koma munda wake unachita malire ndi wawo. Wachitatu anali mkamwini wobwera, wa kwa Santhe, koma ankasonkha nawo bwino. Akanapitiriza mpaka madzulo mayi uja akanapanda kukweza dzanja.

"Bambo, lamulo lathu limakhululukira matenda okhala ndi umboni wa kuchipatala, komanso maliro a kholo lomubereka kapena m'bale wake wa bere limodzi. Enawo ayi."

A Nthanda anamwetulira mochenjera. Izi ankazidziwa, munthu akukweza mtengo. Anatsitsa mawu.

"Tamvana, mayi. Tambala wachepa. Mbuzi ilipo, ya tonde, yonenepa. Loweruka lomweli ifika."

"Ngakhale ng'ombe, bambo. Mayeso ayamba mawa ndipo iye salemba. Adzabwereza chaka chonse. Akadzajombanso chonchi, malo ake adzapatsidwa kwa wina."

A Nthanda anatola tambala wawo. Anatuluka akung'ung'udza kuti sanaonepo lamulo louma mtima chotero, loti munthu wabwera yekha, wanjuta, wapepesa, koma osamumvera chifukwa chake. Anadziona kuti iwo ndi munthu wachifundo kwambiri, poti kwawo mbuzi ikangofika, makasu amayamba kugwira ntchito.

Panja anapeza anzake a Tithokoze atakhala m'magulumagulu pansi pa mitengo, akufunsana mafunso a mayeso a mawa. Mtsikana wina anathamanga kudzamukumbatira Tithokoze, onse awiri n'kuyamba kulira. A Nthanda anaima poteropo, jumbo ya tambala ili m'khwapa, ndipo kwa nthawi yoyamba anasowa poika maso. Anachita manyazi, manyazi enieni, oposa aja anawachititsa Esau. Anabwerera kumudzi limodzi ndi mwanayo. Amene ankalankhula m'basimo anali tambala yekha.

Miyezi yotsatira Tithokoze anaithera m'chigafa, akusankha fodya ndi amayi ake. Ankadzuka, kupereka moni mwaulemu, kugwira ntchito, kukagona. Chaka chimenecho mabelo a a Nthanda sanabwezedwe ku okushoni, koma sanapeze pakamwa podzitamira. Anthu akafunsa chomwe mwana akuchita pakhomo anzake ali kusukulu, ankayankha kuti yunivesite yamupatsa tchuthi chapadera. Mudzi wonse unkadziwa zoona zake, ndipo unkangovomera kuti eya, tchuthi n'chabwino.

Nthawi yotsegulira itakwana, a Nthanda anamuperekeza mwana wawo kumsewu, atamunyamulira chikwama pa njinga. Ankafunitsitsa kunena mawu ena ofewa, koma pakamwa pozolowera kulamula sipachedwa kubwerera kwawo. Minibasi itaima, zimene zinatuluka ndi izi:

"Ukafika uimbe. Ndipo foni izikhala yotsegula, mwina kuno kungagwe zovuta."

Tithokoze anakweza chikwama chake, anakhala pampando wa pawindo, kenako anawayang'ana bambo ake m'maso, chinthu chimene anali asanachitepo chibadwire. Analankhula mofatsa, mwaulemu wonse umene anamuphunzitsa.

"Ababa, maliro a anthu ena musadzandiimbirenso, sindidzabwera. Koma anu musade nawo nkhawa, ndidzabwera ndithu. Amenewo amalola."

Kondakitala anamenya chitseko, minibasi n'kunyamuka. A Nthanda anatsala m'fumbi, atagwira njinga yawo, dzanja lotsanzikira lili m'mwamba.