Mbalame ya Palupsa

A Verna Lahti anagwira ntchito kupositi zaka makumi atatu kwathu kuno ku Michigan, koma ine ndimawakumbukira chifukwa cha kambalame.

Ndi kambalame kotuwa kumsana, kachikasu pachifuwa, mchira wake sukhazikika. Kamamanga chisa pansi, pamchenga, kunsi kwa timitengo ta paini tomera pomwe padapsa. Mitengo ikatalika, kamasamuka. N'chifukwa chake kale anthu a zankhalango ankatentha dala tchire, ndipo Arvo, mlongo wawo wa a Verna, anali m'gulu lotenthalo.

Chaka china ali mkati motentha, mphepo inatembenuka. Anzake anathawira kumsewu, koma Arvo anabwerera kuti akachotse thirakitala. Anamupeza mawa lake atafa.

Patatha zaka zisanu ndi ziwiri, paini wa palupsa paja anafika m'mapewa, mbalame n'kubwera. A Verna, omwe sankadutsanso njira imeneyo, analembetsa m'gulu lowerenga mbalamezo mwezi wa Juni. Timawerenga zazimuna, poti ndizo zimaimba. Umaima, kumvetsera, n'kuika kadontho pamapu.

Ine ndinkayenda nawo. Tsiku lina m'mawa anandigwira mkono.

"Dale, wamva? Iyo yachitatu."

"Ine ndamva ziwiri, a Verna."

"Makutu ako adatha ndi macheka. Ili kuchigwako, pomwe adapeza thirakitala."

Tinatsetsereka. Kunali zii, mchenga ndi zitsa zakuda basi. Anaima nthawi yaitali, mutu atapendeketsa.

"Arvo ankaimba mluzu chonchi akamaitana agalu ake," anatero.

Kadontho sanaike. Ankaopa kuti akalemba, kubwera ena kudzafufuza.

Chaka ndi chaka ankaimva mbalameyo, okha. Kenako mitengo inatalika, mbalame zinasamukira kunkhalango ina, ifenso tinazitsatira. Iwo ayi. Juni aliyense ankapitabe kuchigwa kuja ndi khofi wawo m'fulasiki, n'kubwerako masana maso ali ofiira. Anthu kutchalitchi analeka kuwafunsa.

A Verna anamwalira nyengo yozizira ya chipale, mbalame zili kutali kuzilumba zotentha. Juni wotsatira, mwana wawo Lorna anandipempha kuti ndimuonetse chigwa chija. Titafika anazimitsa galimoto, n'kutsitsa galasi. Ine sindinamve kanthu, koma iye anapendeketsa mutu ngati mayi ake. Sipanapite mphindi, analikwezanso msangamsanga.

"Tiyeni tizipita, a Dale."

Anandipatsa makiyi, moti pobwerera ndinayendetsa ndine.