Khala la Moto pa Tsiku Lopukusa Mkaka

Amayi amasiye a kumtunda, kuno kwathu kudera la Clare, sakangana ndi munthu za malire kapena nkhosa zolowa m'munda. Koma tsiku lopukusa mkaka, samalani nawo. Aliyense wolowa m'nyumba mwawo ayenera kunena kuti Mulungu adalitse ntchitoyo, n'kugwirako ndodo yopukusira ngakhale pang'ono. Ndipo moto sutuluka pakhomo tsiku limenelo, chifukwa wotenga moto watenganso batala.

Wansembe watsopano, Bambo Tiernan, ankazidziwa zonsezi koma ankazinyoza. Tsiku lina lopukusa analowa m'nyumbamo, anapereka moni, anatola khala n'kuyatsira kaliwo wawo, basi ulendo.

Amayiwo anapukusa mpaka mapewa kuwawa, mkaka kumangochita thovu. Batala wa sabata yonse, woti akagulitse kumsika! Anawathamangira n'kukawapeza pamlatho.

"Bambo, bwezani zomwe mwatenga!"

"Ine? Mayi, zimenezo ndi zikhulupiriro zachabechabe."

"Zachabechabe? Inu mukamakweza chikho paguwa, munandionapo ine ndikuyatsa fodya n'kutuluka? Tiyeni!"

Wansembeyo anabwerera nawo kunyumba kuja. Anakhuthulira kaliwo pamoto, anavula jekete, n'kupukusa mpaka thukuta kamukamu. Batala uja anatuluka, wachikasu bwino.

"Mkakawu wangofunda basi," anatero wansembeyo akupukuta nkhope. "Palibenso china."

Amayiwo anaumba batala yense osawayang'ana n'komwe. Mpaka lero Misa saphonya, ndipo amakhala kutsogolo kwenikweni. Koma batala amene ankatumiza kunyumba ya ansembe Loweruka lililonse anathera pomwepo. Bambo Tiernan buledi amadya wouma.